KUJAMBULA NDI KUTSUKA FILIMU YA ZITHUNZI ZAKUDA NDI ZOYERA: PHUNZIRO KWA OYAMBA KUMENE

M'chaka cha 1915, nkhondo ya John Chilembwe itatha, asilikali a boma la Atsamunda adaphulitsa tchalitchi chachikulu cha njerwa cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma lathu lino la Chiradzulu. Komabe mpaka lero tikudziwa m'mene tchalitchicho chinkaonekera, ndipo nkhope ya Chilembwe ndi ya mkazi wake Ida timazidziwa, chifukwa panali anthu amene adazijambula. Mmodzi mwa iwo anali Mungo Murray Chisuse, mwana wa dziko lino, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa Mishoni ya Blantyre ndipo adakaphunzirako ku Edinburgh. Zithunzi zimenezo zapyola zaka 100. Tsono funsani mnzanu amene foni yake idabedwa chaka chatha kuti zithunzi za ukwati wa mlongo wake zili kuti.

Chimene chimasunga chithunzi chakuda ndi choyera ndi siliva weniweni. Filimu ndi kapulasitiki kowonekera kamene adakapaka phala lopyapyala, ndipo m'phalamo muli timchere ta siliva tosaoneka ndi maso. Kuwala kukagunda kamchere kamodzi, kamasintha pang'ono chabe, kusintha kumene palibe angakuone. Mutatsegula kamera kuti muone ngati chithunzi chalowa, simudzaona kanthu, ndipo mudzakhala mwaononga filimu yonse. Chithunzi chilipo koma n'chobisika, kufikira mankhwala atasandutsa timchere tija kukhala siliva wakuda. Pamenepa ndi pamene pagona vuto lonse la munthu woyamba kumene. Kuchokera pamene wadina batani kufikira pamene atulutse filimu m'madzi, amagwira ntchito pa chinthu chimene sakuchiona. Maso samuthandiza. Chomuthandiza ndi kuyeza basi: kuyeza kuwala, kutentha kwa madzi ndi nthawi. Ndipo miyezo yolembedwa pa timapepala ta m'mabokosi a filimu adailemba anthu a ku maiko ozizira. Ife a kwa Likoswe tiyenera kuiwerenga poganizira dzuwa lathu, madzi athu ndi khungu lathu.

Kamera ndi filimu

Makamera akale a filimu ya 35mm adakalipo m'masutikesi a makolo ndi m'makabati a m'maparishi. Ngati mwapeza Pentax K1000, imene idapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, mwachita mwayi, poti imagwira ntchito ngakhale popanda batire. Batire lake ndi la kachipangizo koyezera kuwala kokha. Filimu ndiye yovuta. Kampani ya Ilford ya ku England ikupangabe FP4 Plus ndi HP5 Plus, ndipo Tri-X ya Kodak, imene idatuluka pa 35mm mu 1954, idakalipo. Koma kawirikawiri pamafunika kuitanitsa kwa abale a ku Johannesburg kapena ku Ulaya. N'chifukwa chake filimu imodzi ya zithunzi 36 si yoseweretsa.

Pa bokosi pamakhala nambala ya ISO, imene imasonyeza msanga umene filimu imamvera kuwala. FP4 Plus ndi 125, HP5 Plus ndi 400. Kwa ife, pojambula panja masana, ya 125 ndiyo yabwino. Ya 400 isungireni m'kalasi, pakhonde kapena nthawi ya chiperoni.

Msampha woyamba uli poika filimu. Anthu ambiri oyamba amatseka chitseko cha kamera nsonga ya filimu isadakole bwino, n'kujambula tsiku lathunthu, nambala ikuyenda mpaka 36, 37, 38, pamene filimu ili phee m'kachitini kake. Njira yodziwira n'njosavuta. Mukamakoka kachitsulo kopititsira filimu patsogolo, yang'anani kagudumu ka kumanzere kobwezera filimu. Ngati kakuzungulira, zili bwino. Ngati sikakusuntha, tsegulani muyambirenso, musadajambule kanthu.

Dzuwa, malaya oyera ndi nkhope

Kamera ili ndi zinthu ziwiri zoloŵetsera kuwala. China ndi kabowo ka m'kati mwa lenzi, kamene kamakula ndi kuchepa. Nambala zake ndi 4, 5.6, 8, 11 ndi 16, ndipo nambala ikamakula bowo limachepa. China ndi shata, kachitseko kotseguka kwa kanthawi kochepa: 60 ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 60 a sekondi, 125 ndi lofulumira kuwirikiza, choncho mpaka 500 kapena 1000. Kusuntha nambala imodzi, kaya pa bowo kaya pa shata, kumachepetsa kuwala ndi theka kapena kukuwirikiza kawiri.

Ojambula akale anali ndi lamulo loyendera popanda choyezera. Dzuwa likaswa mtengo, ikani bowo pa 16 ndipo shata pa nambala yoyandikana ndi ISO ya filimu yanu. Pa FP4 Plus ndiye 125. Kukakhala timitambo, bowo likhale 11. Kukachita mitambo yophimba, 8. Chiperoni chikatsika mu Juni kapena Julaye, phiri la Malabvi osaoneka, tsegulani mpaka 5.6. Shata musaitsitse kupyola 60 ngati kamera ili m'manja, kuopa kuti chithunzi chingagwedezeke.

Lamulo limeneli n'labwino pojambula nyumba, mapiri ndi minda. Pojambula anthu athu silikwanira. Tonse tidaonapo m'maalubamu a kunyumba zithunzi za gulu pomwe malaya ndi mikanjo zikuwala mbee, koma nkhope zili bii, mano ndi maso okha ndiwo akuoneka, kotero kuti agogo amachita kuloza ndi chala kuti "uyu ndi malume ako" inu osaona kanthu. Chifukwa chake n'chakuti choyezera kuwala cha m'kamera chilibe nzeru. Chilichonse chimene chaona chimayesa kuchisandutsa chotuwa ngati phulusa. Chikaona malaya oyera 20 ndi khoma la laimu kumbuyo, chimati kuwala kwachuluka, n'kukuuzani kuti muchepetse bowo. Malaya amatuluka bwino, nkhope n'kumira. Ndipo chimene sichidalowe pa filimu, palibe mankhwala amene angachitulutse.

Mankhwala a vutoli ndi atatu, ndipo onse ndi aulere. Sendererani pafupi ndi munthu mmodzi, muyeze kuwala pa nkhope yake yokha, kenaka mubwerere pamalo anu osasinthanso nambala. Ngati mukuyendera lamulo la 16 lija, tsegulani bowo ndi nambala imodzi, 11 m'malo mwa 16. Filimu ya mtundu uwu imapirira kuwala kochulukirapo kusiyana ndi kochepa. Koma choposa zonse, chotsani anthu padzuwa la masana. Dzuwa la kwathu limaima pamutu penipeni, maka mu Novembala ndi Febuluwale, ndipo limasiya mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa chibwano. Aimikeni pakhonde, kapena m'mbali mwa nyumba momwe muli mthunzi wosalala, nkhope zitaloza kumene kukuchokera kuwala. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka ngati pabwino, koma masamba amagwetsa timadontho ta dzuwa pa nkhope. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Palinso china chimene woyamba amadabwa nacho filimu ikatsukidwa. Maso athu amasiyanitsa zinthu ndi makaka, pamene filimu imangodziwa kuwala ndi mdima. Khoma la njerwa zofiira ndi mitengo yobiriwira kumbuyo kwake zimakongola m'maso, koma pa chithunzi zonse ziwiri zimatha kutuluka zotuwa mofanana, n'kusakanikirana. Chitenje cha maluwa ofiira pa nsalu yobiriwira chimodzimodzi. Musadadine batani, tsinzinani pang'ono kufikira makaka atazilala, muone ngati chinthu chanu chikusiyanabe ndi za kumbuyo kwake. Thambo nalo limakonda kutuluka loyera mbuu, mitambo osaoneka. Kagalasi kachikasu koika kutsogolo kwa lenzi kamadetsa thambo, mitambo ya pamwamba pa phiri la Chiradzulu n'kuonekera bwino.

Mu mdima

Filimu yatha, mwaibwezera m'kachitini kake. Chenjezo lisadapite patali: musaipereke ku situdiyo yotsuka zithunzi za makaka. Makina awo amagwiritsa ntchito njira yotchedwa C-41, imene pamapeto pake imachotsa siliva yense, ndipo filimu yanu idzabwera yoyera ngati galasi. Ilford XP2 Super yokha ndi zinzake zolembedwa C-41 pa bokosi ndizo zimatsukidwa kumeneko.

Zida zotsukira nokha n'zochepa: kathanki kakuda ka pulasitiki kokhala ndi gudumu lokulungirapo filimu, kapu yoyezera, sizasi, wotchi, mapegi awiri ndi choyezera kutentha. Chomalizachi chikhale cha mu labotale ya sayansi. Cha kuchipatala choyezera thupi sichithandiza, poti sichitsika kufika pa madigiri 20.

M'makanema timaona ojambula akugwira ntchito pansi pa nyale yofiira. Nyale imeneyo ndi ya mapepala a zithunzi, osati ya filimu. Filimu imamva makaka onse, ofiira omwe, choncho imafuna mdima wandiweyani. Sankhani kachipinda kosungiramo katundu, usiku, mutseke mazenera ndi mabulangete ndi kutsekera chiguduli pansi pa chitseko. Khalani m'menemo mphindi 5. Ngati pamenepo mwayamba kuona dzanja lanu, mdimawo sunakwane. Foni izime, wotchi yowala ichoke pamkono. Kuthima kwa magetsi, kumene timadandaula nako tsiku ndi tsiku, pa ntchito iyi yokha n'kothandiza.

Mu mdimamo muyenera kutsegula kachitini, kudula nsonga, ndi kulowetsa filimu yotalika kupyola mita imodzi ndi theka m'tinjira ta gudumu, zonsezi ndi zala zokha. Apa ndiye pamene mtima wa woyamba umagunda. Filimu ikakana kulowa, munthu amayamba thukuta, ndipo thukutalo likafika pa gudumu filimu imamatirira, n'kukaniratu. M'nyengo ya dzinja, mpweya uli wachinyezi, vutoli limakula. Gudumu likhale louma gwaa, manja osamba ndi opukuta. Zikakanika, musayatse nyale. Ikani filimu m'thanki momwe iliri, mutseke, mutuluke mukapume, kenaka mubwerenso. Nzeru yake n'kuyeserera kaye poyera ndi filimu yakale yotha ntchito, maso ali otsegula, kenaka otsinzina, mpaka zala zitazolowera. Thanki ikatsekedwa, zotsala zonse zimachitika poyera.

Madzi, kutentha ndi nthawi

Mankhwala ndi awiri ofunika kwambiri, ndipo pa mabotolo pamalembedwa developer ndi fixer. Developer ndiye amadetsa timchere timene tidaona kuwala. Fixer amasungunula timene sitidaone kuwala, kuti filimu isamvenso dzuwa. Mchere wa fixer, umene akale ankautcha hypo, mphamvu yake yosungunula timchere ta siliva adaitulukira John Herschel mu 1819, ndipo ndi yomwe idathandiza kuti zithunzi ziyambe kukhalitsa kuchokera mu 1839. Mabotolo awiriwa muwalembe ndi zilembo zazikulu, poti mukathira fixer poyamba, zithunzi zonse 36 zimasungunuka m'mphindi zochepa.

Developer wodziwika kwambiri ndi D-76 wa Kodak, wa m'chaka cha 1927, ndi mnzake ID-11 wa Ilford. Onse ndi ufa wosungunula m'madzi ndipo amagwira ntchito mofanana. Thanki ya Paterson imafuna mamililita 290 pa filimu imodzi. Pepala la Ilford limati HP5 Plus mu ID-11 wosasungunulanso imatenga mphindi 7 ndi theka, ndipo mu ID-11 wosakaniza theka ndi theka ndi madzi imatenga mphindi 13. FP4 Plus m'wosakanizayo imatenga mphindi 11. Koma nambala zonsezi n'za madzi a madigiri 20.

Apa mpofunika kukhazikika. Mankhwala amafulumira akatentha, monga momwe thobwa limasasira msanga mu Okutobala kusiyana ndi mu Julaye. Kwa Likoswe m'miyezi yozizira madzi a m'mawa amatha kukhala pa 20 kapena kutsikirapo, ndipo pepala lija mutha kulitsata momwe liliri. M'chilimwe madzi a m'ndowa kapena a m'paipi yodutsa padzuwa amakwera kwambiri. Munthu akatsuka mphindi 13 m'madzi otero, filimu imapsa: imatuluka yakuda kwambiri, malo owala onse atatsekeka, malaya oyera aja opanda khwinya ngakhale limodzi. Lamulo lake n'lakuti pa digiri iliyonse yopyola 20, chotsani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi. Pa madigiri 24, mphindi 13 zija zimatsika kufika pafupifupi 9. Ndi chifukwa chake ine ndimalangiza kusakaniza theka ndi theka. Mukatenga wosasungunula pa kutentha komweko, nthawi imagwera pa mphindi 5, ndipo pa nthawi yochepa chotero kuchedwa pang'ono pothira kapena pokhuthula kumasiya mawanga. Kusakanizaku kumasunganso mankhwala. Ingokumbukirani kuti wosakanizayo amagwira kamodzi n'kutayidwa.

Njira yapafupi yoziziritsa ndi ya amayi athu: madzi ogona mumtsuko wadothi. Tsukani m'mamawa dzuwa lisadakwere, ndipo mabotolo onse muwaimike m'beseni limodzi la madzi kwa kanthawi kuti afanane kutentha. Kusamutsa filimu mwadzidzidzi kuchoka m'madzi ofunda kupita m'ozizira kungathe kukwinyitsa phala lija. Madzi a pamjigo kapena pachitsime ayambe adikha, muwasefe ndi nsalu yoyera, popeza kamchenga kamodzi kamakanda filimu yonyowa.

Katsukidwe kake n'kotere. Thirani developer mofulumira, yambani kuwerenga nthawi, tembenuzani thanki kanayi m'masekondi 10 oyamba, ndipo muigunditse pang'ono patebulo kuti thovu lichoke pa filimu. Bwerezani kutembenuzako poyamba pa mphindi iliyonse. Musaikhutchumule ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Nthawi ikakwana khuthulani, tsukuluzani ndi madzi kawiri kapena katatu, kenaka thirani fixer. Fixer wa Ilford wa m'botolo amasakanizidwa gawo limodzi ku magawo 4 a madzi ndipo amatenga mphindi 2 mpaka 5. Iyeyu satayidwa, amabwerera m'botolo. Kuti mudziwe ngati adakali ndi mphamvu, ponyanimo kansonga ka filimu kamene mudadula kaja, muwerenge nthawi imene katenge kuti kawonekere mbee. Filimu yanu ikhalemo nthawi imeneyo kawiri.

Kutsukuluza komaliza sikufuna mpopi wothamanga. Dzazani thanki, tembenuzani ka 5, tayani. Dzazaninso, ka 10, tayani. Kachitatu ka 20. Madzi osakwana malita awiri akwanira, nkhani yabwino kwa amene amachita kusenza. Musanyozere gawo limeneli, poti fixer wotsalira ndiye amachititsa zithunzi kusanduka zachikasu patapita zaka. Yanikani filimu ndi pegi kumwamba ndi ina kumunsi, m'bafa momwe mwawazamo madzi pansi kuti fumbi ligone, ndipo mutseke chitseko kwa maola angapo.

Ngati developer wasowa, khofi amathandiza. Njirayi idayamba mu 1995 ndi kalasi ya Scott Williams pa Rochester Institute of Technology ku America, ndipo masiku ano imatchedwa caffenol. Muyezo wodziwika pa lita imodzi ndi magalamu 54 a washing soda, 16 a ufa wa vitamini C ndi 40 a khofi wosungunuka, kutsuka mphindi 15 pa madigiri 20. Soda amene amayi amathira m'therere si yemweyo. Ayenera kuyamba waotchedwa mu uvuni kuti asanduke washing soda. Fungo lake n'loipa, koma zithunzi zimatuluka. Fixer yekha alibe mlowam'malo wa kukhitchini. Ndipo akatha mphamvu musamutaye m'dimba, pafupi ndi chitsime kapena mumtsinje, chifukwa amakhala atadzaza siliva amene amapha nsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Musungeni m'botolo lotseka, lolembedwa, kutali ndi ana, ndipo mufunse aphunzitsi a sayansi za katayidwe kake.

Kuwerenga zimene zatuluka

Negetivu imaonetsa zinthu mozondoka: thambo lakuda, nkhope zowala, malaya oyera akuda. Woyamba amathamangira kuyang'ana zithunzi, koma wodziwa amayamba wayang'ana m'mphepete, momwe muli dzina la filimu ndi manambala. Zilembo zimenezo adaziwalitsa kale ku fakitale, choncho ndi mboni yosanama. Ngati filimu yonse ili mbee koma zilembo zikuoneka zakuda bwino, katsukidwe kanali kabwino, vuto linali ku kamera: filimu sidakole kapena shata siyikutseguka. Ngati ili mbee ndipo zilembo palibe, ndiye kuti developer adafa kapena fixer adalowa poyamba. Ikakhala yakuda yonse mpaka m'mphepete, idaona kuwala. Zithunzi zikakhala zofooka zilembo zili zakuda, kuwala kudachepa pojambula. Zikafooka zonse pamodzi ndi zilembo, nthawi ya developer idachepa kapena madzi adazizira. Mawanga ooneka ngati mkaka ndi pamene filimu idagundana yokhayokha pa gudumu kapena fixer sadamalize, ndipo kuibwezera mu fixer watsopano kumachotsa mkakawo, ngakhale chithunzi cha pamalo ogundanawo sichibwerera.

Zonsezi zimathandiza pokhapokha ngati munalemba. Khalani ndi kope: nambala ya chithunzi, bowo, shata, nyengo; ndiponso tsiku lotsuka, madigiri ndi mphindi. Pofika filimu yachitatu mudzakhala ndi miyezo yanuyanu ya kamera yanu ndi madzi a kwanu, yoposa ya pa bokosi.

Kusamutsa chithunzi kupita pa pepala ndi phunziro lina lalitali. Pakadali pano, gwirizani negetivu pa zenera lomwe mwamatapo pepala loyera, muijambule ndi foni, n'kuitembenuza makaka. Mudzaona nkhope zija momwe ziliri. Koma negetivuyo ndiye chuma chake. Iduleni m'zidutswa za zithunzi 6, muzigwira m'mphepete mokha, ndipo chidutswa chilichonse chilowe m'pepala lakelake loyera. Malo ake akhale ouma ndi ozizira, kutali ndi denga la malata ndi khoma lachinyezi, poti nkhungu imadya phala lija ndipo chiswe chimadya envelopu. Pa envelopu lembani ndi pensulo tsiku, mudzi ndi maina a anthu onse, kuyambira kumanzere kupita kumanja.